Usiku umene ndinaonerera pa foni mbuzi zanga zikubedwa

Mpaka lero foni ikalira pakati pa usiku ndimadzambatuka mtima uli phaphapha. Mkazi wanga anandiuza kuti ndisinthe kaliridwe kake, ndipo ndinasinthadi kawiri konse, koma thupi silinaiwale. Limakumbukabe usiku wina wa mu Novembala 2024, nditakhala m'mphepete mwa bedi kuno ku Chilenje mu Lusaka, malaiti atapita, ndikuonerera anthu atatu akutulutsa mbuzi zanga m'khola lomwe lili makilomita oposa 70 kuchokera pomwe ndinali. Ndinaona zonse, kuyambira pomwe ankamasula waya wa pachitseko mpaka pomwe mmodzi anatukula maso n'kuiona kamera.

Anzanga omwe ali ndi mafamu akhala akundifunsa kuti agule kamera yotani, ndipo ndimawayankha mwachidule pa WhatsApp. Lero ndati ndiyankhe motambasula, ngakhale kuti mbali yaikulu ya yankholi ikukhudza amalume anga.

Kuseri kwa Chongwe

Ambiri a ife a mu Lusaka tili ndi kamalo kwinakwake komwe timathamangirako Loweruka, matumba a fetereza ali kubuti. Kanga kali kuseri kwa Chongwe. Ukatsata Great East Road makilomita 45 n'kufika patauni ya Chongwe, umapitirirako pang'ono kenako n'kusiya tara, ndiye kuchokera apo ndi fumbi ndi mabampu kwa ola lathunthu. Kumeneko ndi kwa Asoli, ife ndife obwera a ku Katete. Malowo anapempha ndi bambo anga kwa anyakwawa ine ndili mwana, ndipo atatisiya ndinalibe mtima wogulitsa. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndi amene anavomera kuchoka kumudzi kukakhala pafamupo pamodzi ndi anti ndi mdzukulu wawo wa giredi 7.

Za chilala cha 2024 sindichita kukufotokozerani, munali pompano. Chimanga chinapsa chisanamasule, pa 29 Febuluwale boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba, komwe amapangira magetsi, anatsika, malaiti n'kumabwera maola owerengeka. Pafamu pathu chomwe chinatsala ndi mbuzi. Zinalipo 23, ndipo mbuzi siifooka msanga ngati ng'ombe, imaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kumathyola masamba a mthethe, moyo n'kumapitirira.

Mu Ogasiti zisanu zinasowa usiku umodzi, pamodzi ndi sola yoyendetsa pampu ya pachitsime. Amalume anandiimbira patapita masiku awiri, ndipo masiku awiri amenewo ndi omwe anandilowetsa maganizo oipa. Nditafotokozera anzanga kuntchito, wina anangoti, "Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Galu sanauwe bwanji? Nanga akuuziranji mochedwa chonchi?" Sindinamuvomereze, koma sindinamutsutsenso. Amalume sindinawafunse chomwe anachedwera kuimba. Ndinangonyamuka kukagula kamera.

Zolembedwa pakatoni

Pakatoni ya kamera iliyonse m'mashopu a ku Kamwala ndi m'tauni pamalembedwa kuti wireless, long range, ndipo munthu umaganiza kuti ukangoipachika pamtengo basi, iyamba kukutumizira zithunzi. Maganizo amenewa anandidyera ndalama pa kamera yoyamba. Inali ya Wi-Fi. Kamera yotere imafuna rauta, kabokosi kogawa intaneti, pafupi, ndipo rauta wamba, ngakhale pabwalo popanda chotchinga, safika patali kuposa mamita ngati 100. Pakakhala makoma ndi mitengo ndiye n'kuchepera apo. Pafamu panalibe rauta, panalibenso magetsi oyatsira rautayo. Wogulitsa sanandifunse komwe ndikukaika, inenso sindinkadziwa zofunsa. Kamera imeneyo pano ili pageti kunyumba kuno.

Yoyenera malo ngati athu ndi ya 4G, yolowa SIM ngati foni, yokhala ndi batire lake ndi kasola kake. Pa kamera yotere, kufika patali komwe amanenako n'kwakuti chithunzi chikangokwera pa netiweki ukhoza kuchionera kulikonse, kaya uli ku Lusaka kaya uli ku Chipata. Koma diso lake lenilenilo ndi lalifupi. Nthawi zambiri kamera imakhala ili m'tulo posunga batire. Chomwe chimaidzutsa ndi kachipangizo komva kutentha kwa thupi la munthu kapena nyama ikamayenda, komwe amati PIR, ndipo kameneka kamamva mamita ngati 10 okha. Kakamva kanthu ndi pomwe kamera imadzuka, kujambula, n'kukutumizira uthenga. Munthu akadutsa chapatali uko, mamita 30, kamera siidziwa n'komwe kuti kwadutsa munthu.

Chinanso choti musamale, makamera ena oitanitsa kunja anapangidwira netiweki ya ku America, ndipo kuno akhoza kukana kugwira 4G. Ikani SIM yanu muli m'shopu momwemo, muone chithunzi pa foni yanu musanatulutse ndalama.

Pamwamba pa chulu

Ndinapita kufamu ndi ma SIM atatu, ya Airtel, ya MTN ndi ya Zamtel. Kumudzi aliyense amadziwa pomwe netiweki imagwira, ndipo mdzukulu uja sanachedwe, ananditsogolera pachulu china kuseri kwa khola. Pansi panalibe kanthu. Nditakwera pachulupo, imodzi mwa zitatuzo inaonetsa timizere tiwiri ta 4G. Sinditchula kuti inali iti chifukwa sizingakuthandizeni: ukangodutsa dambo limodzi imagwira ndi ina. Yesani pamalo panu penipeni, pamsinkhu womwe kamerayo idzakhale, m'mawa ndi madzulo omwe.

Tinadzika mtengo wa bulugamu wa mamita 6 pambali pa chulucho. Kasola tinakalozetsa kumpoto, popeza kuno kwathu dzuwa limadzera chakumpoto, makamaka mu Juni ndi Julaye, ndipo tinakapendeketsa kuti mvula izikatsuka fumbi. Dzenje anakumba ndi amalume okha, ndi khasu lawo. Titamaliza anayang'ana kumwamba, dzanja lili pachipumi.

"Chimenechi chikuona mpaka pati?"

"Khola lokhali, amalume."

Ndinanama. Kamerayo inali yotembenuka mutu, yoti ukhoza kuizungulitsa uli kutali, ndipo ndinali nditaona kale kuti masana ikapotolokera kumanzere imaonetsa njira yonse mpaka pakhomo la khitchini yawo, mamita ngati 80 kuchokera pakhola.

Milungu isanu ndi umodzi

Ndinayamba kuonerera. Nthawi ya nkhomaliro ku ofesi, pamzere wa magalimoto mu Independence Avenue, usiku ndisanagone. Vidiyo yapompopompo imadya intaneti kwambiri: ikamayenda pa liwiro la 1 Mbps, ola limodzi lokha ndi 450MB. Bandulo yomwe ndinagula kuti ithe mwezi inatha masiku 9.

Mauthenga ambiri anali opanda pake. Nkhuku yadutsa, mbuzi yadzikanda pamtengo. Usiku timagetsi ta infrared, tothandiza kamera kuona mumdima, timakoka agulugufe, agulugufe amakoka kangaude, ndipo ulusi umodzi wa kangaude ukapingasa pagalasi umawala n'kuphimba chithunzi chonse. Mu Okutobala masana zinkatembenuka: kukatentha mpaka mpweya kufanana ndi kutentha kwa thupi, PIR ija imagontha, munthu n'kudutsa pafupi osamumva.

Koma zina zomwe ndinaona sizinali zopanda pake. Ndinkaona amalume akutsegula khola dzuwa lisanatuluke, akuwerenga mbuzi ndi ndodo, imodziimodzi, kenako n'kubwerezanso. Ndinkawaona akukankha njinga yomangirira zigubu ziwiri za malita 20, katatu patsiku, chifukwa chibedwere sola ya pampu ija ndinali ndisanagule ina. Munthu wa zaka zopitirira 60. Ndinkaona anti akusinja pakhomo la khitchini. Kenako tsiku lina mtondo sunalipo. Anausamutsira kuseri kwa nyumba. Mdzukulu naye anasiya kusewera mpira pabwalo paja. Ndinamvetsa tanthauzo lake, koma mutu wa kamera ndinapitiriza kuupotoza.

01:47

Usiku umenewo kunatentha kwambiri, mvula ikungoopseza osagwa. Malaiti anali atapita masana, foni ili pa power bank pafupi ndi pilo. Italira ndinaganiza kuti ndi kangaude uja.

Chithunzi cha usiku chimakhala chakuda ndi choyera, ndipo maso a mbuzi amawala ngati timatochi. Maso onsewo anali ataunjikana pakona imodzi ya khola, akuyang'ana kuchitseko. Pachitsekopo panali munthu atawerama, akumasula waya. Kumbuyo kwake kunali ena awiri, wina atakoleka zingwe paphewa. Galu wathu anali pomwepo, akudya kanthu pansi, mchira ukugwedera.

Ndinaimbira amalume. Anayankha ndi mawu a pa netiweki aja akuti nambala yomwe mwaimba siikupezeka. Ndinaimbanso. Ndinaimbira anti, chimodzimodzi. Mkazi wanga anali atadzuka kale, foni yake ili m'manja.

"Abambo, tiimbire ndani? Nambala ya aneba a kumeneko muli nayo?"

Ndinalibe. Zaka zonsezi ndikupita kufamu, ndinalibe nambala ya munthu ngakhale mmodzi wa m'mudzimo. Anyakwawa ndinkawapatsa moni ndi paketi ya shuga pa Khrisimasi, koma nambala yawo sindinaitengepo. Mkazi wanga anaimbira apolisi, ndipo ndinkamumva akuyesetsa kulongosola njira ya kumalo opanda dzina la msewu, opanda nambala ya ploti: mukadutsa chigayo, mukawoloka kamlatho, pamtengo wa mkuyu mukhotere kumanja. Ine maso anali pa foni.

Anthuwo sankafulumira. Ankasankha. Wina ankagwira mbuzi pamsana kumva kunenepa kwake, akakhutira n'kuimanga pakamwa ndi mphira, mnzake n'kuikokera panja. Ankatenga zazikazi zikuluzikulu, zina zili ndi bere. Ndinkazidziwa zonse. Yamawangamawanga yomwe inali ya bambo anga inatuluka yachitatu.

Kamerayo ili ndi kasipika koti ukhoza kulankhulirapo. Ndinadina n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse: "Akuba! Amalume, akuba!" Ana anga anadzidzimuka kuchipinda kwawo n'kuyamba kulira. Kufamu mawuwo anafika patadutsa masekondi angapo, aang'ono ngati a wailesi yotha mabatire. Atatu aja anaima chilili. Mmodzi anathawa mapazi angapo n'kuima. Wamkulu wawo anayang'ana uku ndi uku mpaka anaona timagetsi tofiira pamwamba pa mtengo. Kenako anatembenukira kunyumba ya amalume, n'kudikira. Ndinakuwanso. Kunyumbako kunali zii, palibe tochi, palibe chitseko chotseguka.

Anawerama n'kutola mwala. Woyamba unaphonya, wachiwiri unagunda mtengo, wachitatu unapeza kamera, ndipo inagadamira kumwamba. Chithunzi chinasanduka mdima wokhawokha, koma mawu ankamvekabe. Ndinamva ziboda zikupita, kenako kamwana ka mbuzi kakulira m'khola, kulira kosalekeza. Ndinakhala ndikumvetsera mpaka kamera inabwerera m'tulo mwake.

Foni yomangidwa ndi mphira

Mkazi wanga anakana kuti ndipite ndekha usiku, choncho tinadzutsa alamu anga ku Kabwata. Tinafika kukucha. Amalume anali atakhala pachitsa pafupi ndi khola, chipewa chili m'manja. Zinapita 9, zinatsala 9.

Mawu omwe ndinayamba nawo ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Sindinapereke n'moni womwe. Pamaso pa anti, pamaso pa mdzukulu ndi alamu anga, ndinati, "Ndakuimbirani ka 14! Foni mumaisungiranji ngati simuyatsa?"

Sanandiyankhe. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kafoni kawo ka mabatani, komangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe. Anandiika m'manja.

"Yazima Lachiwiri. Timatchajira pa kantemba ka kumsewu, maola awiri kupita kokha. Sabata ino ndapitako kawiri, malaiti kulibe. Ya anti ako inazima kale. Mwezi wa Ogasiti uja zinalinso chomwechi."

Ndinayang'ana kafoniko. Masiku awiri aja omwe ndinawasandutsa umboni, amalume anali pamsewu, wapansi, akufunafuna poti atchajire kuti andiuze.

Kenako analoza mtengo wa bulugamu uja ndi chibwano. "Chinthu chakocho chili ndi dzuwa lakelake. Icho sichigona ndi njala." Anakhala chete pang'ono. "Mwana wa mlongo wanga, ndikufunse. Unachiikira akuba, kapena unachiikira ine?"

Pakamwa panga panauma.

"Timachimva chikamatembenuka," anapitiriza, mawu ali pansipansi. "Chimalira pang'ono chikamazungulitsa mutu. Akuba sabwera masana. Koma masana ndi pomwe chimayang'ana kukhitchini."

Anti anayang'ana pansi n'kumakonza chitenje. Ine ndinavula kapu, ndinakhala pansi padothi pomwepo, ndipo ndinaomba m'manja. "Pepani amalume. Pepani anti. Ndinalakwa, ndinakuganizirani zoipa." Sindinawonjezere china chifukwa panalibe chowonjezera.

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali. "Tamva. Dzuka, tiye tikatsate mapazi dzuwa lisanakwere."

Mapaziwo sanadzere njira yomwe ine ndinkaiganizira. Anatsikira kumtsinje wouma kumunsi kwa munda, anayenda mumchenga, n'kukatulukira pamsewu wa ngolo pomwe panali matayala a galimoto yonga Canter. Panathera pamenepo. Pobwerera ndinkawerengera mumtima. Kamera ija ndi zonse zake inandidyera ndalama zogulira mbuzi zitatu. Kasola kotchajira foni ndi kuyatsa babu limodzi m'nyumba mwa amalume sikakanakwana n'mbuzi imodzi yomwe.

Vidiyo ija

Kamera inali itatumiza kale zidutswa za vidiyo isanagendedwe, ndipo memori khadi inapulumuka. Ndinapita nazo kupolisi ndi chikhulupiriro chachikulu. Wapolisi yemwe anandilandira anaonera kangapo, kenako anandifunsa ngati ndikuzindikirapo nkhope. Panalibe nkhope yozindikira. Kamera ikakhala mamita 6 m'mwamba imaona pamwamba pa zipewa ndi mapewa. Ndipo pomwe wamkulu uja anatukula maso, kuwala kwa infrared kunayeretsa nkhope yake yonse ngati yopakidwa ufa, maso awiri okha akuwala ngati a mbuzi zija. Ndinaika kamera pamwamba pofuna netiweki komanso kuti isabedwe, osadziwa kuti ndikutaya chomwe ndinaigulira.

Anzanga ku Lusaka ankandikakamiza kuti ndiponye vidiyoyo pa Facebook. Mdzukulu nayenso ananong'ona kuti mmodzi wa atatuwo akuyenda ngati mnyamata wina wa mudzi wa patsidya. Ndinatsala pang'ono kutero, chifukwa mkwiyo unali udakalipo. Ndinkadziwa kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza chinsinsi cha anthu, Data Protection Act ya 2021, koma kunena zoona chomwe chinandiletsa ndi amalume.

"Ife kuno ndife obwera. Ukaloza mwana wa eni mudzi ndi chithunzi chosaoneka bwino, iwe ubwerera ku Lusaka, ife titsala. Ndipo akakhala kuti si iye, anthu n'kumumenya, magazi ake akhala pa ndani?"

Tonse tikudziwa zomwe gulu la anthu okwiya limachita likagwira munthu yemwe akumuti ndi wakuba ziweto. Vidiyoyo sinapite pa intaneti. Tinapita nayo kwa anyakwawa, amalume patsogolo ine pambuyo, titanyamula nkhuku. Kumeneko ndinamva kuti mabanja ena atatu anaberedwanso miyezi yomweyo, ndipo aliyense ankalira payekha. Mbuzi zathu sizinapezeke.

Zomwe zili pafamu lero

Choyamba kugula sichinali kamera. Ndinagula sola yaikulu ya padenga la amalume, batire, mababu atatu ndi potchajira mafoni angapo nthawi imodzi, kenako sola ina ya pampu ija. Zotsatira zake sindinaziyembekeze. Aneba anayamba kubwera kudzatchaja. Masana pakhonde pamakhala mafoni asanu kapena asanu ndi limodzi, eni ake atakhala pamthunzi wa mango akucheza ndi anti. Pakhomo pomwe panali zii pano sipasowa munthu. Anti anatenga kope la sukulu n'kumalembamo nambala ya aliyense wobwera, ndipo nambala zimenezo zili mu foni yanga, ya mkazi wanga ndi ya alamu anga. Nyumba zisanu zoyandikana nafe zili ndi wezulo iliyonse, ndipo anagwirizana kwa anyakwawa kuti ikalira imodzi, onse atuluka.

Khola tinalisamutsira pafupi ndi nyumba, poti mbuzi ikalira munthu amve ali pamphasa. Ndi zomwe amalume ananena kalekale, ine n'kukana poopa fungo pa masiku omwe ndimagonako.

Malo a makamera anasankha ndi iwo. Ija yogendedwa inakonzeka ndipo inabwerera pamtengo wake, yoonekera kwa aliyense, koma tsopano ili ndi getsi lowala kwambiri ndi sayirini yomveka mpaka kwa aneba. Yachiwiri, yomwe ndi yofunika kwenikweni, ili kumtsinje kuja, pomwe njira imapanikizika pakati pa miyala iwiri ndipo munthu sangadutse patali. Tinaibisa pamphanda ya mtengo, mamita awiri ndi theka kuchokera pansi, kuti izitenga nkhope. Ndinasankha ya infrared ya 940nm, yosaonetsa timagetsi tofiira tija. Siiona patali ngati ya 850nm, koma pamalo opanikizika chonchi kuona patali sikufunika.

Kumtsinjeko 4G kulibiretu, ndiye apa ndi pomwe ndinaphunzira za kufika patali kwenikweni. Pali tizipangizo tiwiri tonga timbale, tomwe amisiri amati bridge. Kena umaika pamtengo pafupi ndi rauta, kena pafupi ndi kamera, n'kutilozetsana maso ndi maso. Timalankhulana pa 5GHz, ndipo tikamaonana bwino popanda chotchinga timatha kufika makilomita angapo. Ife tinkangofuna mamita 600 kuchokera pachulu, pomwe tinaika rauta ya SIM ndi sola yake. Titangomaliza zinkayenda bwino kwambiri. Mvula itakhazikika mu Disembala, mitengo ya pakatipo inatseka masamba, chithunzi n'kuyamba kudukaduka. Masamba onyowa amameza siginolo. Tinasadza nthambi ziwiri n'kukweza kambale kamodzi mita ina. Ngati mukuika zotere nthawi ya chilimwe mitengo ili mbee, yerekezani mmene pakhalire mu Januwale. Musaiwalenso waya wopita pansi woteteza ku mphenzi, chifukwa mtengo wautali wokhala ndi zitsulo pamwamba pa chulu ukuchita kuitana.

Ena amandifunsa za Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, yomwe inafika m'dziko muno mu Okutobala 2023. Komwe kulibiretu netiweki ya foni ndi yothandiza, ndipo pafamu yaikulu ya nkhuku kapena ya ng'ombe zambiri ndingailimbikitse. Koma mbale yake imadya magetsi usana ndi usiku, ndiye imafuna sola ndi mabatire akuluakulu, kuwonjezera pa malipiro a mwezi ndi mwezi. Pa mbuzi zathu zochepazi masamu ake sakutuluka.

Chomwe ndinasintha chachikulu ndi komwe uthenga umapita. Kale unkabwera kwa ine ndekha, munthu wogona kutali yemwe sangachite kanthu koposa kukuwa pa kasipika. Pano kunyumba ya amalume kuli foni ina ya intaneti, yotchipa, yomwe imakhala patchaja usiku wonse, ndipo imalira nthawi imodzi ndi yanga. Mdzukulu ndi amene anawaphunzitsa kutsegula kwake, ndipo Loweruka lililonse amapukuta magalasi a makamera ndi masola, kuchotsa fumbi ndi akangaude. Ndimamupatsa ya talktime. Mnzanga akandifunsa za kamera masiku ano, ndisanamuuze za 4G ndi mabatire ndimamufunsa kuti ikalira usiku idzutsa ndani yemwe angafike pakhola ndi miyendo, nanga foni ya munthuyo imatchajidwa kuti.

Palibe kamera yoyang'ana kunyumba. Tsiku lomwe tinamaliza, ndinakhala pansi ndi anti n'kuwaonetsa pa foni chomwe iliyonse ikuona, ndipo ya pamtengo ija ndinaizungulitsa mbali zonse iwo akuona, kuti atsimikize kuti khitchini yawo yatchingidwa ndi nkhokwe. Ulendo wotsatira ndinapeza mtondo wabwerera pakhomo.

Febuluwale

Usiku wina mu Febuluwale, mvula ikukhuthuka kuno ku Chilenje, foni inalira cha m'ma 11. Ndinadzambatuka monga mwa masiku onse. Ndisanatsegule n'komwe, inayamba kuitana. Amalume.

"Usadzuke, bambo. Ndi ng'ombe ya aneba yadula chingwe. Taimangirira pamango, eni ake adzatenga mawa."

"Chabwino amalume. Mwanyowatu?"

"Pang'ono. Loweruka ubwere ndi mchere wa mbuzi ndi mankhwala a nkhupakupa. Yoyera ija yaswa mapasa madzulo ano."

Atadula, ndinatsegulabe kamera ya pamtengo. Mvula inkaoneka ngati timizere toyera todutsa pagalasi. Chapansi pa chithunzicho kuwala kwa tochi kunkayenda pang'onopang'ono kulowera kunyumba, mpaka kunakabisika kuseri kwa nkhokwe.